Magazi a Naima

Pamzere wa kuchigayo cha mpunga ku Chinguluwe, dzuwa likuswa mtengo, amayi awiri osadziwana ankacheza.

"Mwana wanga akufuna kulowa kafukufuku wa jakisoni woteteza ku HIV uja," anatero wachitenje chofiira. "Ndimulole?"

"Muloleni, mayi," anayankha wampango woyera. "Wanga Naima analowa, ndipo ankamusamala bwino. Chinamupha ndi lole pamsewu, osati jakisoni."

"Pepani kwambiri."

"Tinamusambitsa, n'kumuika tsiku lomwelo. Koma magazi ake adakali mufiriji kwa akafukufukuwo. Anavomera yekha kuti awasunge."

"Ndiye zimenezo zikukuvutani?"

"Ine ayi. Kungoti amandibwerera kutulo, atavala nsanda yake, akunjenjemera."

"Amati chiyani?"

"Kutentha konseku, mayi, iye amangoti, 'Amayi, ndikuzizidwa.'"