Utsi wa Ba Amock Wabwerako

Ba Amock a ku Chelstone, amene analemera powotcha mawaya akale n'kumagulitsa kopa wa m'kati mwake, ankauza aliyense kuti chilichonse chimene atumiza kunja kwa mpanda wawo chimabwerako ndi phindu. Lachinayi masana anaima monyadira pambali pa dziwe la nsomba zimene analonjeza kudyetsa asewere awo a ku Kabulonga pa ukwati wa mwana wawo Pearl Lamulungu likudzalo, ndipo mlamu wawo, ba Meshack, amene ntchito yawo ndi kupima madzi, anatulukira ndi yankho la nsomba ndi madzi zimene anatenga kukapima.

"Ba mulamu, kambani. Nsomba zanga zili bwanji? Ngakhale ku Guangzhou sininaone zonenepa conco."

"Zanenepadi," anavomera ba Meshack. "Koma zili na poizoni."

"Ndani wathila?"

"Palibe wathila."

"Manje walowa bwanji? Onani mpanda uyu. Waya wa malaiti ninagula nekha ku Dubai. Agalu awili. Kuno na buluzi amayamba wagogoda."

Ba Meshack anauyang'ana mpandawo bwinobwino, kuchokera pansi mpaka pamwamba.

"Anapitila pamwamba."

"Ehe, analumpha. Ninadziwa. Wamutali kapena wamufupi?"

"Saoneka na maso."

Ba Amock anatsitsa mawu n'kuyang'ana kumbuyo. "Mfiti?"

"Utsi. Pulasitiki wa mawaya akapsya, amatulutsa poizoni amene saola. Amayenda na mphepo. Kukazizila, kapena mvula ikagwa, amatsikila m'madzi."

"Ndiye niwonjezela mpanda. Njelwa zingati?"

Ba Meshack anayang'ana kumwamba, milomo ikuyenda ngati akuwerenga. "Mpaka pa mitambo. Mwina kupitililako pang'ono."

"Musanisewelese, ba mulamu. Nicotsa madzi onse, nithila atsopano."

"Cotsani. Koma poizoni uyu sakonda kukhalitsa m'madzi. Akapeza mafuta a nsomba, amakhazikika mwamene umo."

"Ndiye tizitsuka na sopo."

"Mafuta ali mukati."

"Tizikazinga mpaka ziume gwa."

"Zizakoma," anatero ba Meshack ataganizira. "Koma poizoni azakhalamo."

Ba Amock anazungulira dziwe lonse, manja ali kumbuyo. Nsomba zinawatsatira zitayasamula kukamwa, poganiza kuti ndi nthawi ya chakudya.

"Koma azibambo a ku Kabulonga aja azagwa pamene apo akadya?"

"Iyai. Poizoni amaunjikana m'thupi pang'onopang'ono. Matenda amabwela patapita zaka."

"Aa, ndiye vuto ili kuti? Ukwati ni tsiku imodzi cabe."

"Pearl nayenso azadya. Ndiye mwini ukwati, azamupatsa yaikulu."

Ba Amock anaima. Kenaka mkwiyo unawabwerera, chifukwa mkwiyo unali wosavuta kunyamula.

"Nifuna dzina la mwini utsi uyo. Lelo agona ku polisi."

"Muno monse owotcha mawaya ni imwe cabe."

"Ine sinili wopusa. Nawotcha cabe mphepo ikalozela kwa ba Eness." Analoza ndi mlomo nyumba ya mayi wamasiye woyandikana nawo. "Ninapacika na nsalu pa mtengo kuti nizione kwamene ipita. Utsi wanga onse upita kwao. Olo kamodzi sunatsalepo kuno."

"Ba Eness ali na dziwe losambilamo?"

"Lija lobiliwila, losasambamo munthu cimwalilile amuna awo."

"Ndiye poizoni wina anatsikila mwamene muja nthawi yozizila. Okutobala atafika, madzi anatentha, poizoni anakwelanso mumphepo."

"Anakwela kupita kuti?"

"Kwamene mphepo inapita. Mphepo imatembenuka."

"Ndiye ni ba Eness. Ananiponyela poizoni."

"Sanaponye. Dziwe lawo linamusunga cabe, n'kumubweza."

"Popanda kunifunsa?"

"Imwe potumiza munawafunsa?"

Ba Amock anakhala pansi pa thumba la chakudya cha nsomba. Iwo amene anakangana ndi amalonda a ku Dar es Salaam mpaka kuwaliritsa, lero anasowa munthu womukokera kolala. Mphepo inali kugwedeza kansalu kaja pa mtengo, ndipo kanali kataloza kwa iwo.

"Nizawauza cani a ku Kabulonga? Ninakamba kuti mbale iliyonse izakhala na nsomba yathunthu."

"Ku msika wa Soweto kuli kapenta."

"Ine, Amock, kapenta?"

"Nazonso nyemba ziliko."

Onse awiri anayang'ana nsomba zikusambira mosadziwa kanthu. Ba Meshack anakanda m'mutu, nkhope yawo ikuwala ngati ya munthu amene wamvetsa chinthu chimene chinamuvuta kwa zaka.

"Koma ba mulamu, nikupepeseni. Masiku onse nenzoganiza kuti mumadzitama cabe. Kansi mumakamba zoona."

"Zoona ziti?"

"Zija za phindu. Munatumiza utsi wopanda na kulemela komwe, onani wabwelako uli nsomba mazana asanu na limodzi. Fosholo yozikwilila muisunga kuti?"