Maberingi a Mufiriji

Njinga yamoto ya mkazi wake inali itakhala panjerwa miyezi itatu, ndipo Hamala, makaniko amene chibadwire sanavomerepo kuti walakwa, anali atapatsidwa mpaka masana. Mayiwo, ogulitsa mazira, anali atanenetsa kuti ikapanda kuyenda lero aikankhira kwa makaniko wa tsidya la msewu anthu onse akuona, ndipo kwa Hamala kunali bwino kufa kusiyana ndi manyazi amenewo. Womuthandiza anali mlamu wake, kalaliki wodinda makalata, munthu womva mawu momwe anenedwera osawonjezera ngakhale kadontho.

"Alamu, gwirani mkono."

Mlamuyo anagwira Hamala pachigongono, mwaulemu ndithu.

"Asa! Mkono wa njinga! Chitsulo ichi chogwira tayala lakumbuyo, chimene ndachitalikitsa kuti achemwali anu azinyamula mathireyi khumi."

"Munangoti mkono."

"Gwedezani. Mwaona? Ukusewera."

"Ukusewera ndi ndani?"

"Ukugwedera, bambo inu! Maberingi adyeka. Tingachitenso mwayi mazira akafika ku sitolo asanasanduke phala."

"Wawadya ndani?"

"Msewu."

"Ndiye tikaika ena msewu udyanso."

Hamala anayang'ana kudenga. Pa alamu onse a padziko lapansi, iyeyo anapatsidwa wophunzira. Anatola nyundo, imene inamupatsa dzina, n'kuyamba kugogoda maberingi akalewo mpaka anagwera pansi, akuda bii.

"Zonse ndamasulazi mukatsuke ndi parafini."

"Zonse?"

"Ndati theka?"

Mlamu uja anatola beseni n'kukhala pakona. Hamala anang'amba kabokosi, anatulutsa maberingi atsopano, anawapaka girisi wakuda mpaka osaoneka, n'kuwaika panyuzipepala.

"Uyo wa tsidyayo amapaka girisi ngati akupaka mankhwala m'diso. Makaniko wanji wovala magalasi? Ati amawerenga kabuku asanamasule bauti. Kabuku! Ine njinga ndimaimva ndi khutu."

"Panopa ikunena chiyani?"

"Ikuti mukhale chete."

Anayatsa moto wa gasi n'kuyamba kutenthetsa mabowo a mkono uja, msana atalozetsa kwa mlamu wake.

"Tamverani. Maberingi onyezimirawo mukaike mufiriji. Akudawo mukataye kutali, ndisadzawaonenso."

"Mufiriji? Amawola?"

"Chitsulo chikazizira chimachepa, bowo likatentha limakula. Ndiye chimalowa ngati chala mumphete. Kusukulu kwanuko ankakuphunzitsani chiyani?"

"Koma alamu, onyezimirawo..."

"Mwayamba kundiphunzitsa ntchito?"

"Ayi, ndimati onyezimira ndi..."

"Ine ndinayamba kugwira sipanala inu mukuyamwa chala! Kuyambira pano muziyankha zokhazo ndakufunsani. Funso, yankho. Popanda funso, pakamwa tseke. Mwamva?"

"Limenelo ndi funso?"

"Eya!"

"Ndamva."

Mlamuyo anatuluka, china chili m'mbale, china atakulunga m'nyuzipepala. Anakhalitsa ndithu. Hamala anapezerapo mpata wosuzumira pazenera. Wa tsidya uja anali ataima pakhomo la galaja yake, magalasi pamphuno, akumwetulira ngati munthu amene wamva nkhani yabwino. Hamala analavula.

Patatha ola limodzi anakuwa: "Katengeni!"

Mbale inabwera ikutuluka nthunzi yozizira. Hamala anatola beringi imodzi n'kuitembenuza.

"Taonani, mwatsuka ndi girisi wanga yemwe. Munthu wamkulu, wandevu."

"Limenelo ndi funso?"

"Ayi! Ndi chipongwe!"

"Chabwino."

Anapakanso girisi mwachangu, anaika soketi ya sipanala pamwamba pake, n'kumenya kamodzi kokha. Beringi inalowa yokha, myaa, ngati yakhalamo moyo wake wonse.

"Mwaona? Mwaona luso? Uyo akanatuluka thukuta mpaka mawa. Taonani mmene yakhalira, ngati kwawo."

Mlamu uja anatsegula pakamwa, anakumbukira lamulo, n'kutsekanso.

"Mukufuna kunena chiyani?"

"Limenelo ndi fu..."

"Ayi, ndabweza! Patseni bauti."

Anamanga mkono, anabwezera tayala, anakoka tcheni. Dzuwa linali litafika pamutu. Hamala anapukuta manja pa ovololo, anaima monyadira, n'kuloza ndi chibwano.

"Gwirani mkono. Wa njinga. Gwedezani."

Gwede, gwede.

"Mukugwedeza molakwika."

"Pali kugwedeza kolondola?"

"Chokani!"

Anagwira yekha. Gwede, gwede. Mkono unkasewera chimodzimodzi mmene unkachitira m'mawa, mwinanso kuposa. Mantha anamugwira Hamala, ndipo monga mwa chizolowezi chake anawasandutsa mkwiyo.

"Zinthu za masiku ano! Zimachoka kufakitale zitadyeka kale! Akuba! Maberingi atsopano angamagwedere chonchi?"

"Limenelo ndi funso?"

"Eya, ndi funso! Yankhani, poti ndinu anzeru!"

"Atsopano sangagwedere."

"Nanga awa?"

"Awa si atsopano."

Nyundo inagwa m'manja mwa Hamala n'kuphonya chala chake pang'ono.

"Mwati chiyani?"

"Munati nditsuke zonse mwamasula. Ndinatsuka. Zinanyezimira. Munati onyezimira mufiriji."

"Ndimanena atsopano!"

"Atsopano anali akuda. Munawadetsa nokha."

"Ndiye osandiuza bwanji?"

"Ndinayesa kawiri. Munati munayamba sipanala ine ndikuyamwa chala."

"Koma abale! Munthu wamaso awiri, kuona kuti zinthu zikulakwika, n'kungokhala duu ngati chitsa?"

"Kuntchito kwathu bwana akalemba molakwika timadinda momwemo. Siginecha imakhala yake."

Hamala anagwira mutu ndi manja agirisi, tsitsi lonse bii. Kunja kunamveka kulira kwa geti, kenako mawu a mkazi wake akulonjerana ndi aneba. Anatsitsa mawu mpaka kunong'ona.

"Alamu anga. Alamu abwino. Atsopano aja ali kuti? Mubini ya kukhitchini?"

"Munati kutali."

"Kudzala?"

"Kudzala mumapitako. Munati musadzawaonenso."

"Ndiye kuti?"

"Ndinaganiza malo amodzi okha amene simupondako."

Hamala anatembenuka pang'onopang'ono kuyang'ana pazenera. Wa tsidya uja anali akadali pakhomo. Anakweza dzanja mwaulemu, ndipo pa zala zake ziwiri panali tinthu tiwiri tozungulira, topukutidwa bwino, tikunyezimira padzuwa.

"Munamupatsa?"

"Ayi. Ndinataya pamulu wa zitsulo zake. Anatola yekha. Anafunsa kuti ndi a njinga yanji."

"Inu n'kumuuza?"

"Linali funso."

Chitseko chinatseguka. Mkazi wa Hamala anaima pakhomo, thireyi ya mazira m'manja. Anayang'ana njinga, anayang'ana tsitsi la mwamuna wake, kenako anakankha tayala ndi phazi. Gwede, gwede.

"Musadandaule, achemwali," anatero mlamu uja akuchotsa njerwa pansi pa njinga. "Wa tsidya wati mungobweretsa. Maberingi ali nawo kale, saizi yake yomweyo, ndipo wati amene anawasankha ndi munthu wodziwa." Anatembenukira kwa Hamala n'kumulozera chiwongolero. "Alamu, gwirani mkono. Wa njinga."