Mayeso a Britta ndi Limba la Tchalitchi Chathu

Lachitatu lina la Novembala, kwaya itabalalika, ndinkatsuka makapu a khofi m'chipinda chapansi pa tchalitchi chathu kuno ku Minnesota. Bambo Haugen, otsogolera kwaya, anatsala ndi mwana wawo mmodzi yekhayo, Britta, amene wakhala akutiimbira limba chimwalirireni mayi ake. Britta ankasankha mayeso apamwamba a mu Meyi, aja oti ukakhoza, koleji imakuwerengera phunzirolo ngati walitsiriza kale.

"Ndasankha awiri, Adadi," anatero Britta. "Masamu ndi bayoloje."

"Awiri? Mwana wa a Engstrom analemba anayi. Engstrom yemweyu, woimba ngati chitseko chadzimbiri!"

"Mwanayo saimba, Adadi."

"Ndikunena bambo ake. Iwe ulemba asanu."

"Chifukwa?"

"Chifukwa Ambuye anakupatsa mphatso, ndipo mphatso sitikwirira pansi."

"Sindinakwirire kanthu. Nthaka yauma kale ndi chisanu."

Bambo Haugen anayang'ana kudenga, komwe kumachokera thandizo lawo, koma kunali mapaipi a madzi okhaokha.

"Masamu, bayoloje, mbiri yakale, Chingelezi," anawerenga pa zala. "Ndi Chisipanishi."

"Chisipanishi sindinaphunzirepo."

"Amaletsa kulemba?"

"Saletsa."

"Basi! Kodi Mzimu utatsika, anthu sanalankhule zinenero zimene sanaziphunzire?"

"Iwo aja ankangolankhula. Kuno amafunanso kulemba."

"Iwe Britta!"

"Wawa, Adadi."

"Ukundiseka?"

"Ayi. Ndikanakuuzani."

Zimenezo n'zoona. Mwana uyu sananamepo, ngakhale pamene bodza laling'ono likanatithandiza tonse.

"Chabwino," anatero bambo akewo, akusanja mabuku a nyimbo mwaukali. "Chisipanishi tichipempherera. Enawo ukhoza?"

"Ndikhoza."

"Onse anayi?"

"Onse. Kuphatikiza ndi amene ndinakhoza chaka chatha, chaka choyamba cha koleji ndichidumpha."

"Aleluya!"

"Nditsiriza m'zaka zitatu, osati zinayi."

"Aleluya kawiri! Amayi Tollefson, mwamva? Mukawauze a Engstrom."

Ndinati ndamva, n'kupitiriza kutsuka.

"Ndiye a ku Alaska ndiwalembere lero?" anafunsa Britta.

"A ku Alaska ati?"

"A chipatala cha mishoni chija. Munalola kuti ndikagwire unamwino kumeneko."

"Eya, pakatha zaka zinayi. Koleji ili tsidya la mtsinjewu, uzigona kunyumba, Lamulungu uziimba limba. Zaka zinayi."

"Simunatchule zaka. Munati ndikatsiriza koleji."

"N'chimodzimodzi!"

"Zinali chimodzimodzi, Adadi. Mayeso ndi amene azisiyanitsa."

Buku limodzi linagwa. Palibe analitola.

"Kutanthauza kuti ukakhoza..."

"Ndichoka msanga ndi chaka chathunthu."

"Nanga limba?"

"A Engstrom anati akhoza kuphunzira."

"Ambuye, tichitireni chifundo!"

"Akuti nyimbo ziwiri akuzidziwa kale."

"Nanga kunyumba? Ndizidya ndi ndani?"

"Lachinayi mumadya kwa azakhali."

"Masiku enawo?"

Britta anaganiza moona mtima. "Nokha."

Bambo Haugen anakhala pansi, pa kampando ka ana a Sande sukulu, mawondo ali m'chibwano. Ine ndinatseka mpope. Ndawaona bambo amenewa ataima nji pamanda a mkazi wawo, akutsogolera nyimbo mpaka ndime yomaliza, mawu osanjenjemera. Koma apa anaweramitsa mutu.

"Mayi wanga," anatero pang'onopang'ono, "kudzikuza ndi tchimo."

"Inde, Adadi."

"Kupikisana ndi m'bale wako wa mumpingo ndi tchimo lalikulu."

"Ndimaganiza choncho."

"Mayeso asanu ndi dyera. Ena alemba chiyani?"

"Mapepala sasowa. Amasindikiza okwanira aliyense."

"Usanditsutse m'nyumba ya Mulungu!"

"Ndiye ndibwerere ku awiri aja? Masamu ndi bayoloje?"

"Amenewo ukhoza?"

"Mosavuta."

"Asiye."

"Mbiri yakale?"

"Zakale zinapita."

"Nanga ndilembe chiyani, Adadi? Lachisanu akutseka kalembera."

Bambo Haugen anadzuka movutikira, natola buku lija, nalipukuta fumbi ndi dzanja la malaya.

"Ulemba Chisipanishi chokha," anatero. "Ndipo Amayi Tollefson, chonde, nkhani imeneyi musaipempherere."