Kiyi wa Kabati ya Masiponji

Abwana athu a Bang, eni ake a malo athu a ntchito, pamodzi ndi mayi; akapitao a Seok; mayi akunyumba kwa a Pyo, ana ndi zidzukulu; anzanga nonse amene timapuma limodzi fumbi la polishi, ndakulonjerani. Inu amene mwakhala pafupi ndi makala, muzitembenuza nyamayo isapserere. Mukundidziwa, ndikayamba kuyankhula sindimaliza msanga.

Kwa achibale amene simundidziwa, ine ndine Ham Ok-hui. Ndinaphunzitsa sayansi kusekondale konkuno ku Daegu zaka khumi ndi zisanu. Choko chitanditopetsa, ndinabwera kudzapolisha magalimoto. Mpaka lero a Pyo amanditchula kuti Aphunzitsi, makamaka ndikalakwitsa.

Tasonkhana kudzatsanzikana ndi a Pyo Man-seok, amene agwira ntchito pakati pathu zaka makumi atatu ndi chimodzi. Koma pali vuto, ndipo ndiliulule poyamba pomwe. Munthu tikutsanzikana nayeyu sakufuna kupita. Katundu anamanga kale. Lole ikubwera Loweruka kudzawatengera ku Namhae, kwawo kwa akazi awo, kumene nyumba ndi munda wa adyo zawadikira zaka zisanu. Koma Lolemba lapitali a Pyo analowa muofesi ya abwana n'kunena kuti, "Mayi atsogole. Ine ndipeza kachipinda pafupi, ndizibwera m'mawa mokha kudzachapa masiponji." Ndipo pamene ndikuyankhula pano, kiyi wa kabati ya masiponji ali m'thumba la jekete lawo. Onani mmene agwirira thumbalo.

Lachiwiri mayi anandiimbira foni. Anati, "Aphunzitsi, inu pakamwa mumatha. Ndibwezereni mwamuna wanga." Ndiye ntchito yanga lero ndi imeneyo.

Zidzukulu, mwina mukudabwa kuti agogo akukakamira chiyani. Ndikufotokozereni. Siponji tikunenayi ndi yozungulira, kukula kwake ngati kambale. Kumsana kwake anamatako kansalu kamene kamagwira pa makina opolishira. Kumaso kwake n'kumene timapaka polishi. Ikamazungulira pagalimoto, timabowo take timadzaza polishi wakale ndi fumbi la penti. Mukaisiya choncho, zimenezo zimauma n'kusanduka ngati mchenga. Mawa lake mukaiika pagalimoto yakuda ya munthu, mumaijambula timizere tozungulira timene timaoneka dzuwa likawomba. Mwini wake amabwera, amayang'ana, amagwedeza mutu mwaulemu, ndipo simudzamuonanso. Agogo anu akhala moyo wawo wonse akulimbana ndi timizere timeneto.

Koma sanabadwe akudziwa. Akapitao a Seok analipo, andikonza ndikanama.

Chaka chawo choyamba, mvula itangotha, mpweya unali wonyowa ngati m'bafa. Masiponji sankauma. A Pyo anawanyamula m'thumba kupita nawo kunyumba, n'kukwera nawo pamwamba pa denga. Kumeneko mayi anali atayanika tsabola wawo wofiira pamkeka. A Pyo anaona mkeka wabwino, dzuwa labwino. Anakankhira tsabola mbali imodzi, n'kuyala masiponji mbali inayo.

Mawa lake anamata siponji imodzi pa makina, n'kuyatsa. Pasanathe mphindi, galaja yonse inali kuyetsemula. A Seok misozi ili chuchuchu. Mwini galimoto anathawira panja atatseka mphuno ndi tayi. Malemu bambo awo a abwana athuwa anatuluka muofesi akutsokomola, n'kufunsa kuti, "Iwe Man-seok, ukupolisha galimoto kapena ukupanga kimchi, ndiwo za tsabola zija?"

Kunyumba nako sikunali mtendere. Tsabola wa chaka chonse ankanunkha polishi. Mayi, munakhala masiku angati osawayankhula? Akuti khumi. Ine ndinamva kuti asanu ndi awiri, koma mwini nkhani ndi ameneyo.

Sabata yomweyo a Pyo anakhoma thandala la waya kuseri kwa galaja, pamthunzi, podutsa mphepo. Lilipobe. Malamulo awonso anayambira pamenepo, ndipo anzangawa akhoza kuwanena ali m'tulo. Siponji imachapidwa tsiku lomwelo, polishi asanaume. Madzi akhale ofunda ngati osambitsira khanda. Sopo pang'ono. Uzikanya ndi zala zazikulu kuyambira pakati kupita m'mphepete, ndipo uzitsukuluza mpaka madzi atayera. Usaipotokole ngati chikolopa, imang'ambika m'kati inu osaona. Uifinye pakati pa zikhatho. Pathandala igone chafufumimba, kansalu kali kumwamba, kuti madzi atsike osafika pa guluu. Ikauma, a Pyo amainunkhiza, kenako amaigunditsa patsaya. Ikazizira ngakhale pang'ono, ndiye kuti m'kati muli madzi, ibwerere pathandala, chifukwa ikalowa m'kabati choncho ichita chuku. Ikakhoza mayeso, imalowa m'kathumba kakekake. Achikasu, olimba aja, pashelefu yapamwamba. Oyera pakati. Akuda, ofewa omalizira, pansi. Kenako kiyi khethe, m'thumba.

Ine nditabwera, ndinaona kuti zonsezi n'kutaya nthawi. Munthu wophunzira, si choncho? Tsiku lina a Pyo atapita kuukwati wa mphwawo, ndinatenga masiponji makumi awiri n'kuwaponya m'makina ochapira zovala, madzi otentha. Atatuluka ndinawaumitsa ndi choumitsira tsitsi. Ntchito ya masiku awiri ndinaimaliza pa ola limodzi, ndipo ndinadzitamandira mumtima. M'mawa mwake tinsalu tonse tinali titamatuka, masiponji atapindika ngati nsomba zouma.

A Pyo anafika, anatola imodzi, anaitembenuza. Anati, "Aphunzitsi, buku lanu lija linati chiyani za guluu akakumana ndi moto?"

Ndinati, "Linati amasungunuka."

Anati, "Ndiye bukulo ndi labwino. Vuto ndi wowerenga."

Ndinkayembekeza kuti apita nazo kwa abwana. Sanapite. Anakoka mipando iwiri pasinki, anandipatsa siponji yakuda bii ndi polishi, n'kunena kuti, "Khalani apa. Zala zanu zazolowera choko, tiziphunzitse zina." Tinakhala pasinki pamenepo madzulo aliwonse mwezi wathunthu. Abwana, nkhani imeneyi mukuimva lero, ndipo papita zaka khumi ndi zitatu, musandiyang'ane choncho.

Anandiphunzitsa, inde. Anaphunzitsanso mnzathu wa pantchitoyu, a Gil-su, ndi ena onse. Koma kutikhulupirira, ayi. Ukachapa siponji, amaitenga mwakachetechete n'kuichapanso. Nthawi ya mvula amabwera ngakhale Lamulungu kudzatembenuza fani. Makutu awonso ndi odabwitsa. Tsiku lina a Gil-su, bambo wa zaka makumi asanu, ana atatu, anagwetsa siponji pansi. Siponji ikagwa simveka. Anayang'ana uku ndi uku, anaiuzira, n'kufuna kuimatanso pa makina. Mawu anachokera kuchimbudzi, chitseko chili chotseka: "Gil-su, ndamva."

Ndiye ife tinkadziwa kale kuti tsiku lotsanzikana likadzafika, munthuyu adzakakamira. Tinakonzekera. Achimwene a Pyo, ikani kapu pansi, izi zikukukhudzani.

Miyezi itatu yapitayo abwana anatigulira masiponji khumi ndi awiri, ofanana ndendende ndi a m'kabati. Tinkawagwiritsa ntchito inu mukatembenuka. Tinkachapa tokha, n'kukayanika kwa a Gil-su, pathandala limene anakhoma potengera lanu. Iliyonse tinaiika kadontho ka inki m'mphepete mwa kansalu. Kenako mwezi wathawu, Lachitatu lililonse inu mukapita kuchipatala kukaonetsa mkono wanu wopweteka uja, tinkachotsa masiponji anu ena pathandala n'kuikapo athu. Lachinayi m'mawa munkabwera, kununkhiza, kugunditsa patsaya, kuika m'kathumba. Maulendo anayi. Athu onse analowa m'kabati. Palibe ngakhale imodzi imene munaibweza.

Imene munaibweza inalipo imodzi yokha, sabata yachitatu. Inalibe kadontho. Munaigwira patsaya nthawi yaitali, n'kunena nokha kuti, "Iyi ndinafulumira nayo." Tinamva, ndipo a Seok, poletsa kuseka, analuma mlomo mpaka kutsala pang'ono kutuluka magazi.

Koma chachikulu chinachitika Lachinayi lomaliza. Munanyamula siponji yoyera, munaiunika pawindo, n'kuitana a Gil-su. Munati, "Tabwera kuno, mlesi iwe. Taona. Yofewa mpaka m'kati, fungo palibe, m'mphepete mosang'ambika. Tsiku limene udzachape siponji chonchi, ine ndidzapita kwathu ku Namhae osacheuka."

A Gil-su, taimirirani. Siponji imeneyo anachapa ndani?

Akuti anachapa ndi iwo. Mwamva, achimwene. Mboni zilipo zisanu, ndipo mawuwo anatuluka pakamwa panu.

Musatikwiyire. Sitinachite zimenezi kuti tikusekeni, kapena kuti tikuonetseni kuti manja anu atopa. Tinkafuna kuti tsaya lanu lomwelo, limene silinanamizepo munthu, likuuzeni zimene ife tikanakuuzani simukanamva. Munatiphunzitsa, ndipo tinamva. Zaka zonsezi mumaganiza kuti mukulankhula ndi makoma, koma tinkamva.

Ine ndaphunzitsapo ana ambiri, ndipo ndikudziwa kuti chovuta si kufotokoza. Chovuta n'kuchoka pafupi ndi mwana n'kumusiya alembe yekha. Ndikudziwanso kuti si masiponji okha amene akukugwirani mwendo. Zaka makumi atatu ndi chimodzi mwakhala mukufika pano ena tisanadzuke. Munthu amaopa kuti Lolemba m'mawa adzadzuka osadziwa kopita. Zimenezo n'zoona, ndipo sitikuzichepetsa. Koma mayi awa akhala akudya chakudya cham'mawa okha zaka zonsezo. Anakulolani Malamulungu a mvula. Anakukhululukirani ngakhale tsabola. Tsopano ndi nthawi yawo.

M'malo mwa anzanga onse, zikomo. Zikomo chifukwa cha magalimoto amene anatuluka pano akuwala, eni ake n'kumabweranso ndi ana awo. Zikomo chifukwa simunachititsepo munthu manyazi pamaso pa kasitomala. Munkadikira achoke kaye, kenako n'kutiyamba. Zikomo chifukwa cha mipando iwiri ija ya pasinki, imene aliyense wa ife anakhalapo. Tikulonjeza kuti siponji sidzagona ndi polishi, sidzaona dzuwa, ndipo ikagwa pansi ibwerera kusinki, ngakhale wina asamve.

Tsopano, achimwene, kiyi uja.

Musafulumire, tili ndi nthawi. Nyama ikadalipo.

Dzanja lalowa m'thumba. Latuluka lopanda kanthu. Lalowanso. A Gil-su, sendezani pafupi, mulandire ndi manja awiri. Achimwene, munthu akalandira, mwini wake amasiya. Tsegulani zala. Chimodzichimodzi. Eya, basi.

Akuti chiyani? Akuti, "Akudawo usawaike pamodzi ndi achikasu." Amva, achimwene. Akhala akumva zaka makumi awiri.

Dikirani, mayi akweza dzanja. Akutsegula chikwama. Abwana, mukuona? Kiyi wachiwiri. Akuti anamupeza dzulo m'kati mwa sokosi, m'katoni imene a Pyo analembapo kuti zovala za m'nyengo yozizira. Achimwene, inu munthu wamkulu. Mayi, perekani kwa abwana ameneyo, ndipo mukafika kunyumba muyang'anenso m'nsapato.

Ndiye Loweruka lole ikunyamula anthu awiri. Mukafike bwino ku Namhae, achimwene. Mukagone mpaka dzuwa likupezeni pabedi. Mukalime adyo, mukawedze, mkono uja ukapume. Mukatisowa, bwerani ngati alendo, tidzakupatsani mpando ndi khofi, koma kuseri kwa galaja simudzafikako.

Anzanga, dzazani makapu ndi mowa wathu wa soju, ya mayi muyambire. Tiyeni tiimirire tonse. A Pyo Man-seok apuma pantchito, ndipo ulendo uno apumadi. Tiwaombere m'manja.