Wopha mbuzi akana mpeni

A Gwakisa, amene amapha mbuzi ndi kuwotcha nyama pamsika wa Tukuyu, anali ndi chotupa pamchombo, ndipo dokotala anawauza kuti abwere Lachinayi adzachitidwe opaleshoni. Lachinayilo anapezeka pantchito akunola mpeni ngati sizikuwakhudza, mpaka mlamu wawo a Ambilikile, telala wosamva nthabwala chibadwire, anatulukira ndi chikwama cha zovala, bajaji, njinga yamoto ya matayala atatu yonyamula anthu, ikudikira pamsewu.

"Alamu, tiyeni. Simunadye kanthu, eti? Paja anati musadye."

"Sindinadye, komanso sindipita."

"Mwanena ziwiri. Choyambacho chili bwino."

"Angondipatsa mapiritsi basi."

"Ndinafunsa zimenezo. Anati pali bowo, matumbo akusuzumira panja. Bowo silimva mapiritsi. Ngakhale thalauza..."

"Musandiyerekeze ndi thalauza."

"Pepani. Ngakhale malaya."

A Gwakisa analoza ndi mpeni mbuzi imene inali lende pambedza.

"Inu mumadziwa nsalu, mimba ndimaidziwa ndine. Ndang'amba zingati ine? Munaonapo imodzi ikudzuka n'kumapita kwawo?"

Telala anaganiza ndithu, maso ali kumwamba. "Ayi."

"Ndiye?"

"Koma inu simuzisoka."

"Nkhani si kusoka. Matumbo akatuluka sabwerera. Ndinayesapo, tsiku lina wogula atafuna mbuzi yathunthu ya ukwati. Ndikakankha uku, akutulukira uko. Mimba kudzaza, ena kutsala m'beseni."

"Kutsala?"

"Theka lonse."

"Nanga otsalawo dokotala amapita nawo kuti?"

"Ndi zimene ndikufunsa inezo."

A Ambilikile anaika chikwama pansi pang'onopang'ono.

"Zimenezo sanandiuze. Anangoti mukachedwa matumbo amapanika pabowopo, magazi osafika, chotupa kulimba, inu kuyamba kusanza. Kenako mbali imeneyo imafa, imada bii."

Mpeni unasiya kulira pamwala.

"Bii? Ngati a mbuzi yofa yokha? Onunkha aja, oti ngakhale galu amangonunkhiza n'kutembenuka?"

"Za galu sananene."

"M'mimba mwanga muno?"

"Eya. Zikafika apo akuti amadula n'kutaya. Koma mukapita lero n'kungobweza ndi kutseka."

A Gwakisa anagwira pamchombo. Mantha anawagwira zenizeni, pakuti bambo ameneyu mungamuopseze ndi imfa n'kukusekani, koma nyama yowola ayi. Anavula epuloni, nasamba m'manja.

"Nyamulani chikwama. Tiyeni."

"Ayi," anatero telala, n'kukhalira chikwamacho.

"Ayi chiyani?"

"Mwanena nokha kuti sabwerera. Theka lonse. Mlongo wanga ndikamuuza chiyani? Kuti amuna ako ndabwera nawo, koma mbali ina yatsala m'beseni?"

"Aaa, alamu, ndimangolankhula."

"Munayesa kapena simunayese?"

"Ndinayesa, koma..."

"Anabwerera?"

"Imeneyo inali mbuzi."

"Yamatumbo ochepa kuposa anu. Inu ndinu wamkulu chonchi."

"Dokotala uja anaphunzira."

"Wang'amba mbuzi zingati?"

"Sindikudziwa."

"Mwaona? Mtsikana wa dzana uja, manja ake osalala ngati sanagwirepo mpeni. Ine ndikhulupirira inu."

"Musandikhulupirire."

"Ndiye mumanama?"

"Sindimanama, koma zikuwola, alamu. Ndayamba kumva fungo."

Telala ananunkhiza mpweya mosamala. "Ndi anyezi."

Wa bajaji analiza hutala. A Gwakisa anakoka chikwama, chikwama osasuntha. Amayi ogulitsa nthochi anasiya malonda n'kumaonerera wodwala akunyengerera womuperekeza, wina mpaka misozi ndi kuseka. Pomaliza a Gwakisa anagwira mlamu wawo dzanja ngati mwana wopita kukabayitsa jakisoni, n'kuyamba kumukokera kumsewu.

"Limbani mtima, alamu," anatero. "Mukumvera ine? Wopha mbuzi angadziwe chiyani za mimba ya munthu?"