Ndinawauza Kuti Adikire, Kenako Ndinawaiwala

Moni abale ndi alongo mwa Ambuye, amene muli kumudzi ndi amene muli kunja ngati ine. Ndine Madalitso, mlonda pa kampaundi ina ku Al Waab kuno ku Doha. Sukulu ndinalekezera Fomu 1, ndiye polakwika muzingondikhululukira. Ndikufuna ndikuuzeni mmene ndinatsala pang'ono kuphetsa munthu ndi kutaya ntchito tsiku limodzi, ndi mmene Mulungu anandipulumutsira m'njira imene mpaka lero sindikuimvetsa bwinobwino.

Inali nthawi ija mayiko oyandikana nawo anatsekera Qatar malire. Aliyense anali ndi mantha, ndipo kampani yathu inaimitsa tchuthi kwa alonda onse, pamene ine ndinali nditalonjeza kukakhala nawo pa ukwati wa mlongo wanga ku Kasungu. Amene tinakulira limodzi mukundidziwa, sindichedwa kupsa mtima. Ndinali kale ndi mawoningi awiri chifukwa chokalipira madalaivala. Yachitatu imakhala tikiti yobwerera kwanu.

Tsikulo masana, dzuwa likuotcha ngati waima pakhomo pa ng'anjo ya njerwa, panafika bambo wachikulire wapansi atanyamula kajumbo ka buledi. Anali a Abu Samir a ku Palestine, amene anabwera kudzacheza kwa mwana wawo wamkazi, mphunzitsi wokhala m'kampaundimo. Ine ndinali ndisanawaonepo. Nthawi yomweyo mlongo wanga anali pa foni akulira kuti ndamunamiza. Bambowo ananditambasulira mapepala awo ndi manja awiri. Ine osayang'ana n'komwe, ndinangowalozera pa mzere wachikasu umene uli kutsogolo kwa geti n'kukuwa kuti, "Wait!" Ndinalowa m'kanyumba ka alonda momwe muli eyakoni, makina oziziritsa mpweya aja, n'kupitiriza kukangana.

Mvetsetsani, kageti ka anthu apansi sikakhomedwa. Ukachedwa, anthu amangokankha n'kulowa, ena amakutukwana kaye. Ndiye ine ndinawaiwala.

Nditatuluka ndinawapeza ali thapsa pansi, pamzere pomwe paja, mapepala akadali m'manja. Ndinathamanga, ndinawanyamula n'kuwalowetsa mkati, kuwathira madzi kwinaku ndikuimba ambulansi. Ndinkalira ngati mwana, ndikuwaitana "bambo, bambo" m'Chichewa, ngati angamve.

Supavaiza anandionetsa zimene kamera inajambula. Mphindi makumi anayi, abale. Bambowo sanasunthe phazi. Mthunzi wa khoma unali masitepe atatu okha kuchokera pamene anaima, koma sanapiteko. Supavaiza anangoti "khalas", ndiko kuti zatha, analanda khadi yanga ya ntchito n'kundiuza ndikadikire kumene timagona. Banja likalemba dandaulo, nkhani ipita kupolisi, kenako ndege.

Masiku atatu amene ndinadikira sindinadye bwino. Ndisakunamizeni kuti ndinkapemphera mapemphero okoma. Ndinkachita kukangana ndi Mulungu. Ndinkati, Ambuye, munthu wamkulu ndi nzeru zake bwanji sanangokankha geti? Bwanji sanagogode pazenera? Anachita dala kuti andiphere tsogolo? Kenako ndinkakumbukira nkhope yawo ndili nditawanyamula, manyazi n'kundigwira, n'kuyambanso kupempha kuti asafe. Mutu wanga unali pwirikiti.

Tsiku lachitatu anandiitana ku ofesi. Ndinalowa n'kupeza a Abu Samir atakhala pampando, ali moyo, pambali pawo pali mwana wawo uja. Pepala la dandaulo linali patebulo. Pakamwa panga mukupadziwa, m'malo moyamba ndi kupepesa ndinangofunsa kuti, "Koma madamu, bwanji sanangolowa?"

Mayiyo anandifotokozera. Anati kwawo ndi kufupi ndi Betelehemu. Kuti bambo awo apite kuchipatala ku Yerusalemu, komwe si kutali n'komwe, amafunika chilolezo, ndipo amalawirira m'mamawa kukaima pamzere pakati pa zitsulo kudikira asilikali. Mmene ankafotokozera, ine ndinkaona ng'ombe zikulowa m'dibi. Anati tsiku lina umadutsa, tsiku lina mapepala omwewo amakubweza popanda chifukwa. Ndipo msilikali akati dikira, umadikira. Susuntha, supita pamthunzi, sufunsa, chifukwa sitepe imodzi ikhoza kukuombetsa mfuti. "Anaona yunifolomu yako, anamva mawu ako, thupi lawo linangochita zimene linazolowera."

Apa ndi pamene ndinasokonezeka zenizeni. Betelehemu? Yemweyu tinkamuimba pa Khirisimasi tili ana? Ine ndinkayesa ndi malo a m'Baibulo basi, a abusa ndi angelo. Sindinkadziwa kuti kuli nkhalamba zogula buledi, zimene zimaopa kusuntha phazi. Zandale za kumeneko musandifunse, sindizidziwa. Chimene ndinadziwa n'chakuti ine Madalitso, amenenso sindingatuluke m'dziko muno popanda abwana kulola, kwa bambowa ndinali msilikali.

Ndinagwada. Ndinapepesa, n'kumanena zambirimbiri, zoti ndinali nditakwiya chifukwa tatsekeredwa, ukwati wandipita. Mwana wawo atawamasulira, a Abu Samir anaseka mpaka kutsokomola. Anati kutsekeredwa kwa kuno n'kwabwino, kuli ndi eyakoni.

Kenako anakankha pepala lija osasaina. Anauza supavaiza kudzera mwa mwana wawo kuti, "Amene anandiimikapo padzuwa ndi ambiri, koma amene anandithamangira akulira ndi uyu yekha. Mukamuchotsa mubweretsa wina amene sakudziwa kanthu. Uyu waphunzira. M'bwezereni pageti pomwepo."

Supavaiza anazungulirazungulira, koma khadi anandibwezera.

A Abu Samir anakhalabe mwezi wina asanabwerere kwawo. M'mawa uliwonse akamachokera kogula buledi, ndinkatsegula kageti akadali patali. Koma akafika pa mzere wachikasu uja ankaimabe, dzanja likupita m'thumba kufuna mapepala. Ndinkachita kutuluka n'kuwagwira mkono. "Yalla, tiyeni bambo, dutsani, pano ndi kwanu." Mpaka tsiku lomaliza sanathe kungodutsa okha.

Ndikuthokoza Mulungu amene anayankha mapemphero anga amwano aja kudzera mwa munthu yemweyo amene ndinamulakwira. Chifukwa chake anasankha njira imeneyo, pomwe wovutika weniweni sanali ine, sindikudziwa. Mtima wapachala ndikadali nawo, koma ukayamba kutentha ndimayang'ana mzere uja.

Inu amene mwapanikizika, musaleke kupemphera, ngakhale pemphero lanu likumveka ngati mkangano. Iye amamva ndithu. Mukatero muwakumbukirenso a Abu Samir, chifukwa ine geti langa linatseguka, koma iwo mawa m'mamawa akakhala ali pamzere. Ameni.