Galu Amene Sanawadziwe Amayi Anga

Aulutsi, ndine mzimayi wa pa boma pano pa Chama. Amuna anga atagula kagalu, anakatsekera m'kanyumba ka malata n'kumakathirira tsabola m'chakudya kuti kakule kolusa. "Galu wozolowera anthu salonda nyumba," ankatero. Chaka chonse galuyo sanaone mlendo, sanasewere ndi galu mnzake.

Tsiku lina amayi anga anabwera kuchokera ku Tembwe atasenza mpunga. Galuyo anathyola chitseko n'kuwang'amba mwendo. Manje amayendera ndodo, kumunda analeka.

Amuna anga anamupha galuyo tsiku lomwelo, ati ndi woipa mtima. Woipa ndani? Galu anachita zimene tinamuphunzitsa.

Omvera anzanga, mulekeni galu adziwe anthu akali wamng'ono. Ine ndinkangoyang'ana amuna anga akumutsekera galu, ndipo amayi sanapondenso pakhomo panga.